Kuika uthenga wobisika mu gemu popanda kutopetsa osewera

Ngati mukupanga gemu, kaya pa Godot kaya pa Unity olo kankhani chabe ka pa Twine (onsewa ndi mapulogalamu opangira magemu), ndipo mwaganiza zoikamo cipher, uja uthenga wolembedwa mobisa woti wosewera aumasulire kuti chitseko chitseguke, choyamba dziwani kuti kuvuta kwa puzzle yotereyi kuli pawiri. Pali kuvuta kozindikira kuti apa pachitika chani, zilembozi azisintha bwanji. Nde pali chintchito chomasulira chilembo chimodzichimodzi munthu atazindikira kale njira yake. Koyambako nkomwe kumakoma, nkomwe munthu amadumpha pampando nkuitana mnzake kuti taona ndaipeza. Kwachiwiriko ndi ganyu basi. Ambiri akafuna kuti levulo ikhale yovutirapo amangowonjezera ganyuyo, uthenga wautali mizere khumi, zilembo zosinthidwa katatu, nkumati gemu yakhwima, chonsecho wosewera njira anaidziwa kalekale pano akungokopera zilembo maso akuwawa. Nde zonse ndinene apazi mutu wake ndi umodzi: sewerani ndi kuzindikirako, ganyuyo ichepetseni mmene mungathere.

Tiyerekeze gemu yathu ndi ya mnyamata wa kabaza kuno ku Mzuzu, amanyamula timakatundu kuchoka ku depoti kupita ku Luwinga, Chibavi, Zolozolo, Masasa, ndipo mmakatundumo akumapezamo timapepala tolembedwa zosamveka. Ndigwiritsa ntchito imeneyi kuti zitsanzo zisamayandame.

Musanasankhe nkomwe mtundu wa cipher dzifunseni kaye kuti ili panjira yaikulu kapena pambali. Ngati munthu sangapitirire gemu asanaimasulire, imeneyo ndi ya aliyense, mwana wa fomu 1, amalume anu amene akusewera pafoni yobwereka, munthu amene masamu samawafuna nkumva komwe. Ikhale yofewa, ndipo zonse zofunika poimasulira zikhale mu gemu momwemo. Koma ngati ili pambali, yongotsegula kachipinda kobisika kapena kankhani kowonjezera, apo mutha kulimbitsa dzanja. Fez, gemu ya 2012 ija, ili ndi alifabeti yakeyake pamakoma koma munthu amatha kufika kumapeto ndi ma cube 32 asanawerengeko zilembozo, okonda kukumba ndi amene amalimbana nazo pofuna kukwanitsa onse 64. Tunic ya 2022 nayonso chimodzimodzi, kalembedwe kake nkovuta zedi chifukwa sikatsata zilembo koma kamvekedwe ka mawu a Chingerezi, koma sakukakamiza kukawerenga kuti umalize. Anthu amenewa anadziwa kuti ukatseka msewu waukulu ndi chinthu chimene ochepa okha angachithe, otsalawo amangoifufuta gemuyo kuti apeze malo a mavidiyo pafoni.

Tsopano mitundu yake. Yofewetsetsa ndi ija ya A ndi 1, B ndi 2 mpaka Z ndi 26, nde NSIMA imakhala 14 19 9 13 1. Munthu akaona manambala onse sakupyola 26 amayamba kukayikira yekha. Ina yomwe ine ndimaikonda kwambiri kwa osewera akwathu kuno ndi ya foni ya mabatani, ija timadina 2 kamodzi kuti A, kawiri kuti B, katatu kuti C. MZUZU imakhala 6 9999 88 9999 88. Amene analembapo mameseji pa kafoni ka mabatani zala zake zimakumbuka zokha, ndipo chisangalalo chake chimakhala chachikulu chifukwa yankho lachokera mmoyo wake osati mbuku. Koma samalani, ana omwe akulira pa touchscreen ena sanaigwireko foni yotero, nde muikeni wakabaza wathuyo kafoni ka mabatani mthumba koti wosewera atha kukatulutsa nkuona zilembo pamabatanipo. Komanso musaiwale mipata, M ndi 6, N ndi 66, O ndi 666, mukaphatikiza manambalawo osasiya mpata mawu ngati MONI sawerengekanso, munthu sadziwa kuti chilembo china chathera pati.

Kenako pali yotembenuza alifabeti, A kukhala Z, B kukhala Y, imene amaitcha Atbash, inachokera kwa Aheberi. MZUZU imasanduka NAFAF. Pali ya Julius Caesar yosuntha chilembo chilichonse masitepe angapo, iyeyo ankasuntha atatu, nde TSEGULA CHITSEKO imakhala WVHJXOD FKLWVHNR. Iyi masunthidwe ake ndi 25 okha basi, munthu wakhama atha kungoyesa onse mpaka mawu atamveka, ndipo palibe cholakwika pamenepo, nayonso ndi njira. Pamwamba pake pali ija yoti chilembo chilichonse chapatsidwa chizindikiro chake mosatsata dongosolo, kaya ndi zilembo zina kaya timizere ndi timadontho tanutanu. Apa kuyesa zonse nkosatheka, njira zake ndi nambala ya madijiti 27, nde munthu amayenera kuganiza basi. Kumapeto kwenikweni kuli Vigenère, yomwe chilembo chimodzi chomwecho chimasintha maonekedwe malinga ndi liwu lachinsinsi. Giovan Battista Bellaso anaifotokoza mu 1553 ndipo njira yoithyolera Friedrich Kasiski anadzaisindikiza mu 1863, zaka zoposa 300 zitadutsa. Nde chonde musayembekezere kuti wosewera aithyola ali mu minibasi. Mukaiika, liwu lachinsinsilo mumupatse penapake ndipo gemu imuphunzitse kaye kagwiritsidwe kake.

Kanthu kena kakang'ono koma kamagwetsa anthu: Chichewa sichigwiritsa Q ndi X, nde ena popanga ya Caesar amachotsa ziwirizi nkutsala ndi zilembo 24. Palibe vuto, bola muonetse alifabeti yomwe mukugwiritsayo pakhoma kapena pachikuto cha kope mu gemumo. Wosewera akamawerenga ndi 26 inu munawerenga ndi 24 apeza mawu ena akutuluka bwino ena zinyalala, ndipo sadziwa kuti walakwa iye kapena gemu ili ndi bug.

Chichewa chimadziulula chokha

Apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa malangizo ambiri omwe mupeze pa intaneti analembera Chingerezi, amakuuzani kuti yang'ana chilembo chochuluka ndiye E, yang'ana liwu la zilembo zitatu lobwerezedwa ndiye THE. Nzeru yowerenga kuchuluka kwa zilemboyi ndi yakale, Al-Kindi wa ku Baghdad anailemba mzaka za m'ma 800, ndipo imagwira pachiyankhulo chilichonse koma chiyankhulo chilichonse chili ndi zizolowezi zake. Kwathu kuno mfumu ndi A osati E. Ndipo chachikulu nchakuti mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, a e i o u, pafupifupi onse. Taonani uthenga uwu womwe wakabaza wathu waupeza mu envelopu:

NLBL LOL SDQVL SD PSDQGR ZD DJRJR

Yang'anani kumapeto kwa liwu lililonse: L, L, L, D, R, D, R. Zilembo zitatu zokha zikungosinthana. Munthu wa Chichewa akangoona zimenezi wadziwa kale kuti L, D ndi R ndi malembo a liwu. Timawu tiwiri tatifupi SD ndi ZD tikuthera D tonse, nde D ayenera kukhala A, timawuto nkukhala pa, wa, ya, za kapena la. DJRJR ayamba ndi A kenako kubwereza kawiri, eee si agogo amenewo? Kwatha, KIYI ILI PANSI PA MPANDO WA AGOGO. Munthu wamasulira osadziwa nkomwe kuti munasuntha katatu.

Pali zoulula zinanso. C pafupifupi nthawi zonse amatsatana ndi H, nde chizindikiro chomwe sichiyenda chokha chimakhala ndi mnzake yemweyemweyo kumbuyo kwake, chimenecho ndi C. Liwu la zilembo zitatu lomwe likungobwera paliponse kawirikawiri ndi ndi. Nde pali kankhodolero kaja ka mu ng'ombe ndi m'nyumba, mukakasiya poyera mwapereka zilembo zaulere, chifukwa chilembo chimodzi kutsogolo kwake ndi M kapena N, ziwiri ndi NG. Mawu obwereza ngati pang'onopang'ono, kawirikawiri, mwakachetechete amaonekera patali olo muwabise bwanji.

Zimenezi musazione ngati vuto, ndi zipangizo zanu. Mukafuna puzzle yofewa siyani mipata pakati pa mawu, siyani nkhodolero, ikanimo ndi, ikanimo liwu lobwereza, wosewera adzimva wanzeru chonsecho mwamuyalira njira ndinu. Mukafuna ikwere pang'ono chotsani nkhodolero. Mukafuna ikwere kwambiri chotsani mipata muike zilembo zisanuzisanu, uthenga womwe uja ukhala NLBLL OLSDQ VLSDP SDQGR ZDDJR JR, ndipo taonani mmene wasinthira nkhope pomwe cipher yake ndi yomweyo, simunawonjezere ganyu olo pang'ono, mwangobisa pomwe mawu akuthera. Kusintha kumodzi kokhaku ndi kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira, nde musakuphatikize ndi kusintha kwina pa levulo imodzi.

Ndipo poti tili ku Mzuzu, kumbukirani kuti osewera anu ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga cha ku Nkhata Bay, ena Kyangonde cha ku Karonga. Mawu a Chitumbuka nawonso amathera ndi lembo la liwu nde nzeru ya kumapeto ija imagwirabe, koma muli zilembo zophatikizana ngati zg, vy, gh ndi sk zomwe wa Chichewa chokha sangaziganizire. Uthenga wa Chitumbuka mu gemu ya ku Mzuzu ndi chinthu chokongola ndipo ndikulimbikitsa ndithu, koma muuzeni wosewera chiyankhulo chomwe akufunafuna. Ngati kapepalako kachokera kwa agogo a ku Ekwendeni omwe mu gemu monse amapereka moni kuti monire, wosewera adziwa yekha. Kubisa njira ndi masewera, koma kubisa njira ndi chiyankhulo chomwe nthawi imodzi ndi nkhanza, munthu atha kumasulira molondola nkutaya yankho lake poganiza kuti walakwa.

Zina zoti muzisinthasintha

Kutalika kwa uthenga kumapusitsa. Timaganiza kuti waufupi ndi wofewa, wautali ndi wovuta, koma pa cipher ya zizindikiro zosatsata dongosolo zili mosemphana. Liwu limodzi la zilembo zinayi, loyamba ndi lachitatu zosiyana, lachiwiri ndi lachinayi zofanana, litha kukhala moto, litha kukhala mutu, fisi kapena bala, mwaona mmene munthu amavutikira, palibe pogwira. Uthenga wa mawu 8 kapena 12 uli ndi pogwira pambiri ndipo sunafike potopetsa. Ukapyola mizere itatu pa sikirini ya foni ganyu ija yayamba. Nde poyambira pabwino ndi chiganizo chimodzi chathunthu, chomveka ngati mmene munthu angayankhulire, osati mawu osowa omwe mwawafukula mu dikishonale pofuna kuzunguza anthu.

Chachiwiri ndi liwu lodziwika kale. Ngati kalata iliyonse mu gemu imayamba ndi Okondedwa nkutha ndi Ndine wanu, wosewera akapeza kalata yobisika yooneka chimodzimodzi ali ndi zilembo zingapo mmanja asanayambe nkomwe. Chikwangwani cha pa raundabauti ya Katoto cholembedwa mzizindikiro zanu, munthu akudziwa kale kuti pamenepo pamalembedwa Karonga, Nkhata Bay, Lilongwe, ameneyo ndi mphunzitsi wosayankhula. Fez anachita zofanana, anaika nkhandwe ikudumpha galu pafupi ndi mwala wolembedwa, pokumbutsa chiganizo cha Chingerezi choti the quick brown fox jumps over the lazy dog, chomwe chili ndi zilembo zonse 26. Nzanzeru kwambiri, komano onani kuti zimagwira kwa yekhayo amene chiganizocho amachidziwa. Inuyo tengani zomwe wosewera wa ku Chiputula amazidziwa osaganiza, mayina a madera, masiku a sabata, mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi.

Chachitatu ndi mtunda pakati pa loko ndi kiyi. Ngati tebulo la zizindikiro lili mchipinda momwemo, puzzle ndi yofewa. Likakhala mnyumba ina yomwe wosewera anadutsamo mphindi zingapo zapitazo yakwera. Likakhala ku Luwinga pomwe uthenga uli ku Mchengautuwa ndipo anadutsako dzana, yakwera zedi, komanso kumbukirani kuti anthu athu amasewera modukizaduka, batire yatha, magetsi azima, foni wabwereka mchemwali, pobwerera waiwala zonse. Nde muikireni kope mu gemu lomwe limasunga lokha chilichonse chomwe waona. Kukumbukira zomwe unaona sabata yatha si luso lomwe tikuyesa apa.

Pokonza ma levulo, lamulo langa ndi loti chatsopano chizibwera chimodzi. Kapepala koyamba, Caesar, mipata ilipo, ndipo pakona pajambulidwa muvi ndi nambala 3. Kachiwiri Caesar yomweyo koma nambala palibe, ili pa nambala puleti ya njinga yamoto yomwe yaima panja. Kachitatu nambala kulibiretu, adalire kumapeto kwa mawu kuja. Kenako mupumitseni, mpatseni kofewa kapena levulo yopanda cipher nkomwe angopalasa njinga kutsetsereka ku Masasa, kenako mubweretse mtundu wina muyambirenso pansi. Kuvuta kusamangokwera ngati chitunda chosatha ayi, kuzikwera nkutsikako, chifukwa pamene munthu wapeza kofewa atangolimbana ndi kovuta mpamene amazindikira kuti waphunziradi.

Kuphatikiza ma cipher awiri, mwachitsanzo manambala a foni omwe ukamasulira akupatsa mawu a Caesar, kusungireni kumapeto kapenanso pambali, ndipo gawo loyamba likatha pakhale chizindikiro choti walondola. Liwu loyamba lituluke lomveka, olo likhale loti BWINO, otsalawo nkukhala obisikabe. Popanda zimenezo munthu amamasulira bwinobwino gawo loyamba, kuona zinyalala, nkubwerera mmbuyo kukasintha zomwe zinali zolondola kale.

Ganyu ija isiyireni kompyuta

Wosewera akanena kuti chizindikiro ichi ndi A, gemu ilembe A paliponse pomwe chizindikirocho chili, nthawi yomweyo. Asamalembe yekha kakhumi. Athenso kufufuta nkuyesa china mosavuta popanda chilango. Pa Caesar mpatseni kagudumu kozungulira kapena kotsetsereka ndi chala kuti aziona mawu akusintha. Final Fantasy X ya 2001 inafika pochotseratu ganyu yonse, chiyankhulo cha Al Bhed ndi zilembo zosinthanitsidwa chabe ndipo umatola timabuku 26 mmalo osiyanasiyana, kalikonse kamatsegula chilembo chimodzi, nde mawu a anthuwo amanka namveka pang'onopang'ono okha. Kumeneko nkufewetsa kwambiri mwina kuposa mmene inu mungafunire, koma taonani ubwino wake, munthu amayamba kulota mawu zilembo zisanakwane, ndipo kulotako nkomwe kumakoma.

Musaiwale kuti wosewera wanu foni ndi imodzi yomweyo, alibe sikirini yachiwiri, mwina alibe pepala ndi bolopeni pafupi. Uthenga ndi tebulo la zizindikiro zizioneka limodzi, osati azituluka uku kulowa uku atanyamula zizindikiro zisanu mmutu. Zizindikiro zanu zojambula ziyeseni pa ka itel kapena Tecno kakang'ono kosweka galasi, panja dzuwa likuwala, osati pa laputopu panu pokha, chifukwa kadontho komwe kakusiyanitsa zizindikiro ziwiri kamasowa. Musadalire mtundu wokha, ofiira ndi obiriwira ena sawasiyanitsa. Ndipo ngati mwaika Morse, ija zilembo zimaimiridwa ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali, kaya ndi mabelu kapena hutala, ikaninso kuwala kothwanima, ambiri amasewera mawu atazimitsa kapena ali pa phokoso la mumsika wa Zigwagwa.

Polandira yankho napo pamafera ma puzzle abwino ambiri. Ife Chichewa timalemba mosiyanasiyana, wina kwambiri wina kwambili, wina m'nyumba wina mnyumba wina mu nyumba, wina Malaŵi wina Malawi. Munthu wamasulira molondola gemu nkumukana chifukwa cha L ndi R, ameneyo sabweranso ndipo ali ndi chifukwa. Nde musanafananize yankho, khodi yanu isandutse zilembo zonse zikhale zazing'ono, ichotse mipata ndi nkhodolero, R aliyense imuyese L, ŵ imuyese w, mbali zonse ziwiri. Ndi mizere yochepa chabe. Komanso kiyibodi ya foni imakonda kukonza mawu a Chichewa kuwasandutsa a Chingerezi, nde bola mupange mabatani anu a zilembo mu gemu momwemo. Njira ina yabwino koposa ndi yoti yankho lisakhale lolemba nkomwe: uthenga wati kiyi ili pansi pa mpando wa agogo, wosewera apite akasuzumire pansi pa mpandopo basi. Kungoti mpandowo usamayankhe asanapeze kapepala, apo ayi anthu azingogwira chilichonse mchipinda mpaka china chitseguke.

Nkhani yongolotera imeneyi ndiyofunika kuiganizira. Gemu ikamanena pompopompo kuti chilembo ichi walondola ichi walakwa, munthu sayeneranso kuganiza, amangodina A mpaka Z. Ikakhala chete mpaka uthenga wonse utatha, wofooka amasochera. Pakati pake pali njira yomwe Lucas Pope anagwiritsa mu Return of the Obra Dinn ya 2018, gemu imatsimikiza mayankho atatuatatu, ukalondola atatu mpamene imakuuza. Chants of Sennaar ya 2023 nayo imatsimikiza matanthauzo a zizindikiro tsamba lonse la mu kope likalondola. Tengerani pomwepo, tsimikizani zilembo zitatu pakamodzi kapena liwu lathunthu likakwana. Wolotera zimamutopetsa, woganiza amapeza pomponda.

Za ma hint. Kumbukirani mmene timachitira ndagi madzulo, anthu akalephera saturuka mbwalo, amapereka ng'ombe ya pakamwa woponya ndagiyo nkuulula, masewera nkupitirira. Gemu yanunso ikhale ndi khomo lotero, ndipo likhale la masitepe. Sitepe yoyamba ingoloza koyang'ana, mwina mayi wogulitsa nthochi anene kuti mwana wanga, amene anakupatsa kapepalako ankangoyang'ana nambala ya njinga ija. Yachiwiri itchule njira, zilembozi zasunthidwa. Yachitatu ipereke zilembo ziwiri zitatu. Yomaliza ipereke yankho ndipo ionetse mmene limapezekera, kuti puzzle yotsatira asadzafikenso pomwepa. Mtengo wake ukhale wochepa, timakobidi ta mu gemu tomwe wakabaza amapeza ponyamula anthu, osati kumuonetsa malonda odya bandulo yake, ndipo musamunyoze, zija zolemba kuti walephera kapena kumuchotsera nyenyezi zonse zimapangitsa munthu kuchita manyazi kupempha thandizo nde amangotseka gemu. Hint isamadzitulukire yokha msanga, ena amafuna kulimbana nayo okha ndipo mukawalanda mpata umenewo amakwiya kuposa amene wakanika. Kabatani kangowala mwakachetechete pakapita mphindi zingapo, wofuna adina.

Kuyesa ndi anthu

Inu amene mwapanga puzzle simungadziwe kuvuta kwake, yankho muli nalo kale mmutu ndipo simungaliiwale. Anzanu a ICT ku Mzuni nawonso sakukwanira, ambiri Caesar anaiphunzira mkalasi amaizindikira asanakhale pansi. Ayeseni inde, koma mupezenso mlongo wanu wa sekondale, wometa tsitsi wa pa Chibavi, mayi a kwaya omwe amasewera Candy Crush yokha, wina woyankhula Chitumbuka kwambiri wina wa Chichewa chokha. Mpatseni foni, nenani kuti tikuyesa gemu osati inuyo, muwapemphe aziyankhula zomwe akuganiza, kenako khalani chete. Kukhala cheteko nkovuta, pakamwa pamayabwa ukamaona munthu akudutsa clue kachitatu, koma mukangolankhula mwaononga zonse chifukwa tsiku lomwe gemu idzatuluke inu simudzakhala pambali pa aliyense. Komanso anthu akwathu ndi aulemu, mukawafunsa kuti ili bwanji ayankha kuti ili bho olo anavutika, nde musadalire pakamwa, yang'anani zala ndi nkhope.

Lembani nthawi ziwiri mosiyana: kuchokera pomwe waona uthenga mpaka pomwe wati aaa ndadziwa, ndi kuchokera pamenepo mpaka kumaliza. Yoyamba ikatalika kwambiri vuto ndi clue, isendezeni pafupi, ikulitseni, ibwerezeni kawiri mmalo osiyana. Yachiwiri ikatalika vuto ndi ganyu, dulani uthenga kapena konzani zida. Ine ndimafuna yachiwiriyo ikhale yaifupi kuposa yoyamba nthawi zonse, ndipo pa njira yaikulu zonse pamodzi zisapyole mphindi 5 kapena 10 kwa munthu wamba. Onaninso mayankho olakwa, ngati anthu angapo alakwa mofanana ndiye kuti pali chinachake mu gemu chikuwatumiza kumeneko, mwina nambala ina yomwe munangoikongoletsera pakhoma iwo akuiyesa kiyi. Mchipinda cha cipher nambala iliyonse ndi chilembo chilichonse wosewera amachiyesa uthenga, nde zokongoletsa zopanda ntchito zichotseni. Mukasintha kanthu yesani ndi munthu watsopano, wakale uja wadziwa kale.

Nde pali za ma gulu a WhatsApp. Gemu ikangotuluka wina aponya sikirinishoti ya yankho, wina akopera uthenga kukauika pa mawebusaiti omasulira ma cipher. Musalimbane nazo kwambiri, kukambirana puzzle pagulu ndi mbali ya chisangalalo ndipo kumakulengezerani gemu mwaulere. Koma ngati mukufuna kuti aliyense agwireko ntchito, gemu izisankha nambala yosunthira mwachisawawa munthu akayamba sewero latsopano, wina 3 wina 7 wina 11, ndipo nambala ya pa njinga ija izisintha mogwirizana. Malo obisa kiyi nawo akhale angapo, kwa wina pansi pa mpando, kwa wina mu mtondo, kwa wina kuseri kwa kalendala. Akatero pagulupo azigawana njira osati yankho. Kungoti pa cipher ya zilembo zosakanizidwa mwachisawawa muikemo kalamulo koti chilembo chisamadziimire chokha, A kukhala A, ndipo pa Caesar 0 ndi 26 zisasankhidwe, apo ayi wina adzatsegula envelopu nkupeza uthenga uli poyera. Zizindikiro zojambula nazonso zimathandiza chifukwa sizikopereka kupita pa webusaiti, bola zikhale zosapitirira zomwe uthenga wanu ukufuna, ngati ziganizo zanu zonse zikugwiritsa zilembo 18 jambulani 18 zomwezo.